Mpango pa Ulendo wa ku Malambo

Munthu wocoka ku mapiri a Chipata kutsikira ku Malambo m'mwezi wa Okutobala amapeza dzuwa la m'cigwa ca Luangwa likuotca ngati moto. Cifukwa cace alendo ozolowera njirayi sasiya mpango kunyumba. Amaunyowetsa ndi kuumanga m'khosi kuti thupi lizizire, ndipo fumbi likabuka amaphimba nawo mphuno. Madzi ofukula mumcenga wa mtsinje wa Lupande amawasefa ndi mpango woupinda kanai, koma amawawiritsabe, pakuti nsalu siicotsa tizilombo tonse. Mpango wakuda kapena wabuluu ngwosayenera kumeneko, cifukwa umaitana kashembe, nchenche zofalitsa matenda a kaodzera. Wa silika ngwopepuka ndipo umauma msanga, koma umafuna kucapidwa ndi madzi ozizira, osaufinya kwambiri, ndi kuuyanika pamthunzi.