Mbale Imodzi

Kolera itabuka ku Machinga mu 2022, ndinayamba kupatsa mwana aliyense mbale yake. Mayi anga ku Utale ataona, anati: "Mwanangu, asambe m'manja, anene Bismillah, koma usawagawe."

Patapita nthawi ndinawerenga za anyani otchedwa chimpanzi a ku Gombe, m'dziko la Tanzania. Ofufuza anapeza kuti m'nyengo ya mvula, pamene anyaniwa amakhalira limodzi kwambiri, tizilombo ta m'matumbo mwawo timafanana, mitundu yake n'kuchuluka. Tambiri mwa ito si adani ayi. Timathandiza kugaya chakudya.

Ndinazizwa ndi nzeru za Allah: ngakhale m'mimba muli zimene cholengedwa chimalandira kwa anzake. Lero mbale yaikulu yabwerera pamkeka, koma timayamba tathirirana madzi, sopo ali m'manja.