Chiwau cha mapesi a tirigu

Ntchito yanga ndi kuchulukitsa mbewu ya tirigu kuno kumapiri a Tsangano, m'boma la Ntcheu. Timafesa mvula ikamalekeza, ndipo tirigu amakula ndi chinyezi chotsala m'nthaka komanso mawawa a chiperoni. Wolima mbewu amayenda m'munda kuposa wolima chakudya. Amazula ngala zachilendo, amapalira msanga, ndiponso amawerama n'kumapatula tirigu ndi manja kuti aone mapesi, chifukwa chiwau chimenechi sichioneka kwa munthu wongodutsa m'mbali mwa munda.

Chikagwira, paphesi pamatuluka tizilonda tataliitali tofiira ngati njerwa yootcha, khungu la phesi litang'ambika m'mphepete mwake. Ukapititsapo chala umamva kukhakhala, ndipo chalacho chimatsala ndi fumbi lofiira. Chiwau cha masamba n'china: madontho ake ndi aang'ono, obulungira, ndipo phesi amalisiya.

Fumbi limenelo ndi timbewu ta fangasi amene akatswiri amamutcha Puccinia graminis. Mphepo imatinyamula. Kambewu kakatera patirigu wamoyo, n'kupeza mame okhalitsa usiku kwa maola 6 kapena kuposerapo, kamamera n'kulowa m'kabowo kamene chomera chimapumira. M'katimo kamayamwa chakudya mwakachetechete, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chilonda chatsopano chimaphulika, n'kumatulutsa timbewu zikwizikwi tsiku lililonse. Basi, kuchoka patirigu kupita patirigu mnzake. Chimakonda masana ofunda, n'chifukwa chake wofesa mochedwa, amene tirigu wake akadali wobiriwira dzuwa la Ogasiti likayamba kuwawa, ndiye amalira kwambiri. Madzi ndi chakudya zimalephera kukwera kungala, mapesi amathyoka n'kugonerana, ndipo popeta njere zonyala zimauluka pamodzi ndi mankhusu. Palibe chondiwawa ngati kuona lichero likupepuka m'manja mwa mayi amene anathyoka msana nyengo yonse.

Tirigu akamauma, tizilonda tija timada bii. Alimi ambiri amaopa zakudazi kuposa zofiira, koma zoona zake n'zakuti timbewu takuda sitingagwire tirigu. Tili ndi khungu lochindikala, ndipo ntchito yake ndi kugona m'ziputu mpaka nyengo yozizira idutse. Tikadzuka timabala timbewu tina tating'onoting'ono, ndipo itoto timamera pachitsamba cha minga, chamaluwa achikasu, chotchedwa Berberis.

Apa ndiye pamandigometsa. Pamwamba patsamba la chitsambacho pamatuluka timadontho tamadzi otsekemera amene amakopa ntchentche. Ntchentche ikachoka padontho ili n'kutera pa linalo, imasakaniza mitundu iwiri ya fangasiyo, ndiye kuti akwatirana. Wasayansi wa ku Canada, John Craigie, ndi amene anatulukira zimenezi mu 1927. Kenako kunsi kwa tsamba kumamera timakapu tachikasu, ndipo timbewu totuluka mmenemo ndi timene timabwerera kutirigu, nthawi zina tili ndi mphamvu yatsopano yogonjetsa mbewu imene kale inkapirira. Ku United States anayamba kuzula zitsamba zimenezi mu 1918 pofuna kudula ulendowu. Mtundu wina wa chitsambachi, Berberis holstii, umamera m'mapiri a kum'mawa kwa Africa mpaka ku Nyika kwathu konkuno, ndipo ku Ethiopia anapeza kuti chiwauchi chimatha kuberekana pamenepo.

Koma m'mayiko ofunda chiwau sichidikira chitsamba. Fumbi lofiira lokha limakwanira, bola pakhale tirigu wobiriwira penapake chaka chonse: womera yekha pamalo opunthira, wotayikira m'mbali mwa msewu, kapena wa kudimba wofesedwa panthawi yosiyana ndi wa anzake. Ine ndikamaliza kukolola ndimazula aliyense womera yekha, ndipo ndimapempha anansi kuti tifese sabata imodzi tonse.

Ogula ena amabwera atakwiya. "Bambo, mbewu yanu ija inali ndi matenda." Ndimawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti chiwauchi sichiyenda m'njere, chimabwera ndi mphepo. Komabe sindiwabisira kuti m'njeremo ndi mmene muli kupirira kapena kufooka kwa mtundu wa tiriguyo, ndipo kupirirako kumatha. Mu 1998 ku Uganda kunaoneka chiwau chimene anachitcha Ug99, chomwe chinagonjetsa chitetezo cha Sr31 chimene mitundu yambiri ya tirigu padziko inkadalira. Chinafika ku Kenya, Ethiopia ndi Yemen, ndipo mu 2007 chinapezeka ku Iran. Abale ake apezekanso ku Tanzania, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Ife tili pakati pa mayiko amenewa, ndipo ku Tsangano Mozambique ndi tsidya la msewu chabe. Chifukwa cha Ug99, mitundu yatsopano amakaiyesera ku Njoro, ku Kenya, kumene chiwauchi chimavuta chaka ndi chaka.

Mtundu uliwonse umene ndikuchulukitsa ndimaupatsa mzere wake pafupi ndi tirigu wakale wa makolo, kuti ndione woyamba kugwidwa. Ndikapeza chilonda pamtundu umene anati ndi wopirira, ndimadula kaphesiko n'kukaika mu envulopu yapepala, osati m'pulasitiki momwe kangawole, ndipo ndimalembapo tsiku ndi munda. Ndisanapite nayo kwa alangizi ndimayamba ndasintha zovala, chifukwa fumbilo limakakamira pathalauza ndipo njira yopita kumeneko imadutsa m'minda ya anthu.