Lipenga la agogo

Anzanga a m'gulu muno, sabata yathayi ndinali m'chigafa kuno ku Lifupa ndikusankha fodya, foni ikuyimba Mannenberg, nyimbo imene Abdullah Ibrahim anajambula ku Cape Town mu 1974. Basil Coetzee atangoyamba kuliza saxophone, agogo aamuna, omwe masiku ano sayankhulayankhula, anadzutsa mutu.

"Iwe, tabwezera pamenepo. Ameneyotu akuliza ngati wa mganda."

Ine ndinaseka, iwo ayi. Anandifotokozera mmene ankapangira lipenga ali mnyamata: kudula chikho chachitali, kuboola kumapeto, kumata kabowoko ndi nembanemba ya kangaude, kenako kumang'ung'udza mkati mpaka bwalo lonse kunjenjemera. Mgandawo, akuti, unatengera perete ndi mabandi a asilikali a KAR. Chitsulo analibe, ndiye anachilima kumunda.

Nanenso ndinawauza zomwe ndikudziwa: Coetzee anayambira pa kachitoliro ka kwela ku District Six, boma la tsankho lisanawasamutsire ku Manenberg. Agogo anangogwedeza mutu. "Basi, n'chifukwa chake akulira chonchi."

Kenako anati, "Langa lija lili kudenga. Kalitenge timuyankhe."

Abale, lipengalo ndinalitaya ndine chaka chatha posesa m'nyumba. Ndinkati n'chikho chong'aluka. Ndinawanamiza kuti kwada, tidzalifuna mawa.

Mpaka lero sindinaulule. Ndangopempha nthanga za mphonda kwa azakhali, ndikudikira mvula yoyamba. Koma agogowa ali ndi zaka 86, ndipo chikho sichikhwima msanga.