Bulauzi yoyera ndi simbi ya ku Edinburgh

Sitima ya ku Edinburgh ndinakwerera pa Leeds masana a Lachitatu, kumayambiriro kwa Novembala. Mu sutikesi yanga yaing'ono munali bulauzi yoyera, siketi yakuda, jekete, ndi diresi ya chitenje yomwe ndinangoponyamo pomaliza, osadziwanso kuti ndikuitengeranji. Mawa lake 9 koloko m'mawa ndimayenera kuimirira pamaso pa mabwana a nyumba zosamalira okalamba, kuwafotokozera momwe timaphunzitsira antchito atsopano. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake nditavala yunifolomu, ndipo aka kanali koyamba kuti kuntchito anditume ndekha kukayankhula. Inu amene muli kuno kunja mukudziwa: ukalowa m'chipinda muli iwe wekha wakuda, anthu amayamba aona kolala yako asanamve mawu ako.

Ulendowu ndi wa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Mukadzaukwera, khalani mbali ya kumanja. Mukadutsa York ndi Darlington, pa Durham sitima imayenda pamwamba pa mlatho wautali, tchalitchi chachikulu chamakedzana chili poteropo paphiri. Pa Newcastle mumawoloka mtsinje wa Tyne, milatho ili mbwee. Kenako njanji imayandikira nyanja, ndipo pa Berwick-upon-Tweed mumawoloka Tweed, pang'ono pokha mwalowa mu Scotland. Ine zonsezi ndimaziona ndi diso limodzi, linalo lili pa mapepala anga.

Ndinatsika pa Waverley cha m'ma 5 koloko, kunja kutada kale ngati pakati pa usiku. Siteshoniyi ili m'chigwa, pakati pa tawuni yakale ndi yatsopano, ndiye kuti ufike pa Princes Street uyenera kukwera. Pamwambapo mphepo inandilandira ngati ndili nayo ngongole.

Kuhotela ndinadya, ndinasamba, ndipo cha m'ma 9 koloko ndinatsekula sutikesi. Bulauzi ija inali ndi mizere ya makwinya paliponse pomwe ndinapinda. Ndinati palibe vuto, simbi ndi thabwa lake zili mu wodilopu. Ndinathira madzi, ndinayatsa, n'kuiika pachifuwa penipeni pa bulauziyo. Nditangodina ka batani ka nthunzi, simbi inalavula madontho abulauni anayi, ngati munthu wayetsemula ali ndi tiyi m'kamwa. Koma abale! Mashopu atseka, msonkhano ndi m'mawa.

Ndinaimbira achemwali anga ku Johannesburg, ngakhale kumeneko inali itakwana kale 11 koloko. Iwowa asita zovala za mabwana m'nyumba za ku Joni kwa zaka zambiri, palibe nsalu yomwe sanaigwire. Anayamba aseka kaye.

"Iwe, simbi yachilendo amayambira pa chovala? Amayi ankayamba bwanji?"

Ndinakumbuka pompo. Lamlungu madzulo amayi ankadzaza makala m'simbi, kuikupiza uku ndi uku mpaka makala afiire, koma isanakhudze yunifolomu ya sukulu ankayamba aipukuta pa kansanza kuti phulusa ndi mwaye zitsalire pamenepo. Kenako ankawaza madzi ndi zala. Ankasita chilichonse, ngakhale zamkati ndi matewera, chifukwa cha mphutsi: pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Moto wa simbi umapha mazirawo. Kwathu kusita kunali kutchena komanso kuteteza ana. Ine ndinatenga kutchenako, kansanza kaja n'kukaiwala.

"Achemwali, nanga nditani?"

"Bulauziyo ichape msanga ndi sopo m'madzi ozizira, usaiyandikizenso ku moto, ungakhomerere dothilo. Koma mawa usaidalire. China watenga chiyani?"

Nditatchula diresi ya chitenje anati, "Basi, yomweyo." Ndinakana. Ndinati anthu a masuti akandiona ngati ndasochera popita ku chinkhoswe. Anati, "Chitenje chositidwa bwino ndi bulauzi ya madontho, chochititsa manyazi n'chiti?"

Diresiyo inali itakwinyika ngati pepala lokulungira zitumbuwa. Ndinatsatira zomwe anandiuza, ndipo ndikuzilemba pano kuti wina zisamuonekere.

Choyamba, madzi onse a m'simbi ndinakhuthula. Madontho aja amachokera ku dzimbiri ndi zoyanga za madzi zomwe zimaunjikana mkati, makamaka ngati madzi akhalitsamo, ndipo simbi ya kuhotela sudziwa amene anaigwiritsa ntchito dzulo. Ndinaiyatsa youma, n'kuiyendetsa kangapo pa thawulo loyera mpaka nditaona kuti sikusiya kanthu.

Chachiwiri, jekete ndi diresi ndinazipachika pa mahang'ala m'bafa, patali ndi madzi, n'kutsekula shawa yotentha, chitseko chotseka. Chitsekocho musachiiwale, chifukwa nthunzi ikatulukira kuchipinda imatha kuliza alamu ya moto, hotela yonse n'kutuluka panja ndi zovala zogonera chifukwa cha inu. Ndipo musapachike hang'ala pa kampopi kozimira moto ka kudenga. Patatha mphindi khumi ndi zisanu ndinazitulutsa, ndinakoka nsalu pang'onopang'ono ndi manja, n'kuzisiya zipume. Jekete inawongoka yokha, poti nsalu ya ubweya imamva nthunzi. Chitenje chinangofewa basi. Thonje ndi louma mutu, limafuna chinyezi ndi moto pamodzi.

Chachitatu, diresiyo ndinaitembenuza kunja kukhala mkati, ikadali yachinyezi, ndinayala mpango wonyowa pang'ono pamwamba pake, n'kusita kudzera pa mpangowo. Mukatero, simbi ikalavulanso imalavulira mpango, ndipo maluwa a chitenje sachita kunyezimira kwa kupsa.

Achemwali anandikumbutsanso za kachizindikiro ka simbi kamene kamakhala pa kansalu ka mkati mwa chovala. Kadontho kamodzi ndiye kuti moto wochepa, osapyola madigiri 110, wa nsalu ngati nayiloni. Timadontho tiwiri ndi 150, wa ubweya ndi poliyesitala. Titatu ndi 200, wa thonje ndi bafuta. Simbi ikakhala ndi mtanda, musasite n'komwe. Yambani ndi zofuna moto wochepa, chifukwa simbi imatentha msanga koma imachedwa kuzizira.

Nanga kukakhala kulibe simbi? Funsani kaye pa risepushoni, nthawi zambiri amakhala nayo. Ikasowa, nyowetsani pokwinyikapo ndi zala, kokani nsalu, n'kuumitsa ndi chowumitsira tsitsi. Kolala ndi m'mphepete mwa mabatani, chowongolera tsitsi choyera bwino chimagwira ntchito pa moto wochepa. Thalauza mukhoza kuchita za achimwene athu ku sekondale: kuipinda motsata mzere wake n'kuigoneka pansi pa matiresi usiku wonse. Ofuna kuyenda ndi simbi yawoyawo ayang'ane magetsi. Ku Britain ndi ku Malawi pulagi ndi imodzi, ya mano atatu amakona, pa mavoti 230. Ku South Africa mphamvu ndi yomweyo koma mano ake ndi ozungulira. Ku America ndi mavoti 120, ndiye simbi ya kuno kumeneko imangofunda, pomwe ya kumeneko mukaibaya kuno imapsa, pokhapokha ikhale yolandira zonse ziwiri.

Ndinagona cha m'ma 12, diresi ili njo pa hang'ala.

M'mawa ndinavala chitenje changa, jekete pamwamba. Mawondo ananjenjemera mphindi ziwiri zoyambirira, kenako ndinayamba kukamba zomwe ndimadziwa: momwe umamudzutsira munthu wa zaka 90 osamupweteka, momwe umamuphunzitsira mtsikana watsopano kugogoda asanalowe. Anafunsa mafunso mpaka nthawi inatha. Pa tiyi mayi wina wachikulire anagwira mkono wa diresi yanga n'kufunsa ngati ndine wa ku Malawi, ati mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina kwathu. Ku Scotland zimenezi si zachilendo.

Ndisanakwere sitima yobwerera ndinaima pa Princes Street Gardens, pafupi ndi chipilala chachitali cha Walter Scott, pomwe pali chiboliboli cha David Livingstone. Munthuyu anabadwira ku Blantyre wa konkuno mu 1813, ndipo Blantyre wathu anatengera dzina kumeneko. Ndinajambula chithunzi nditaima pambali pake, n'kutumizira achemwali. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Diresi yakhala bwino. Koma mpendero wa kumanzere sunausite."

Masiku ano ndikamalongedza, nsapato zimapita pansi, zovala zofewa ndimazikulunga ngati mkeka, malaya ndimawaika m'pulasitiki yopyapyala ija ya kochapitsa zovala kuti nsalu iziterera m'malo mopindika, ndipo ndikangofika ndimapachika zonse ndisanavule n'komwe nsapato. Ndimatenganso chovala chachiwiri, ndi kansanza koyera ka thonje m'thumba la pambali. Bulauzi ija ilipo. Madontho atatu anachoka, limodzi linakana, ndiye ndimaivalira mkati mwa juzi.