Usabwere, Anatero Atsibweni

Uthengawo unandipeza Loweruka m'mawa ndikuchapa ovolosi kuseri kwa nyumba imene tinkagonamo. Loweruka ndilo linali tsiku lathu lopuma, pakuti ku Israel ntchito imayamba Lamlungu pamene inu kuno mukupita ku tchalitchi. Anali mau ojambula pa WhatsApp, kuchokera pa foni ya mlongo wanga, koma wolankhula anali atsibweni.

"Iwe mphwanga, tamva zoti mwezi wa mawa ukubwera. Ukubwera kudzatani? Kuno wasiyako chiyani? Anzako akutsalira konko, iwe wapusa pati? Usabwere."

Ndinawamvetsera katatu mauwo, sopo akuuma m'manja.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Mpingu, kwa Mfumu Njewa, pa mseu wa ku Mchinji. Ndinaphunzira za mthirira ku Natural Resources College, mtunda woti panjinga sutopa nawo, ndipo mu Seputembala 2023 ndinali m'gulu la ophunzira amene anapita ku Israel kwa miyezi 11. Dongosolo lake linali losavuta kumva koma lowawa kuchita: masiku asanu kumunda, tsiku limodzi m'kalasi. Ine anandiika pa munda wa nthochi pafupi ndi Nyanja ya Galileya.

Za nyanjayi ndikuuzeni zoona, awerengi, musandide. Ine ndinkayembekeza madzi ngati a ku Senga Bay, oti maso amatopa asanaone tsidya. Ndinapeza nyanja ya makilomita 21 okha m'litali, tsidya lija mukumaona nyali za nyumba. Nsomba yake yotchuka, imene amaitcha ya Petulo Woyera, ndi mbale wake wa chambo chathu chomwechi. Koma kutentha ndiye musanene. Malowo ali mamita oposa 200 kunsi kwa mulingo wa nyanja yamchere, tsono mu Ogasiti mumakhala ngati mwalowa m'chigafa cha fodya chimene wina wachikolezera moto. Ku Nsanje nkozizira, ndikunenetsa.

Tisanathe ndi mwezi womwe, pa 7 Okutobala, nkhondo inabuka. Pakati pa ophedwa panali ophunzira awiri a ku Tanzania amene anabwera kudzaphunzira ulimi monga ife. Ife tinali kutali, kumpoto, koma kuyambira pamenepo tinaphunzira phunziro limene silinali pa ndandanda: ukamva kulira kwa chenjezo, siya chikwanje, thamangira m'chipinda cha konkire. Usiku wa pa 13 Epulo 2024, pamene dziko la Iran linaponya zida zake, tinachezera m'menemo ndi anzathu a ku Thailand, aliyense akupemphera m'chinenero cha kwao.

Nanga atsibweni ankanena bwanji kuti nditsale ku malo otere? Musafulumire kuwaweruza. Mu Novembala 2023 Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kenaka ng'amba. Chimanga cha amai chinafota chitangomasula, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chaka chimenecho nkhokwe ya pakhomo pathu inali ine. Mashekele amene ndinkatumiza ndiwo anagula matumba a chimanga, kulipira fizi ya mlongo wanga ndi kufolera malata mbali imodzi ya nyumba. Mbali inayo inali ikudikira. Atsibweni amadziwa kuwerengetsa, ngakhale sukulu anailekeza Sitandade 4.

Ndipo sanali okha. M'chipinda mwathu munali mnzanga wa ku Nsaru, mnyamata wanzeru kundiposa, amene ankatithandiza tonse masamu a kayendedwe ka madzi m'mapaipi. Iye anali atamanga kale mfundo. Ankati ku Tel Aviv kuli munthu amene angampezere ntchito yotsuka mbale.

"Amwene," ndinatero tsiku lina, "simunamve za anyamata 12 aja anawabweza mu Meyi atawagwira pa bekale? Paja anathawa m'minda ngati mmene mukufunira inumu."

"Ndinamva. Nanga amene sanagwidwe munawawerenga? Dipuloma yanuyo mukaipachika pa kabaza ku Nsungwi. Ine zaka ziwiri zokha basi, ndimange nyumba, ndigule chigayo."

Ndinalibe chomuyankha, chifukwa anzathu a dipuloma amene akugulitsa mayunitsi m'tauni ndimawadziwa ndi maina omwe.

Masabata atatu otsirizawo anali osokonekera. Mayeso, lipoti la kafukufuku, kutsanzikana, zonse nthawi imodzi. Pa 31 Julaye mtsogoleri wa Hamas, Ismail Haniyeh, anaphedwa ku Tehran, ndipo makampani ambiri a ndege anayamba kuimitsa maulendo a ku Tel Aviv. Tsono munthu umadzuka osadziwa ngati ukupita kapena ai. Chikwama ndinachimanga ndi kuchimasula mwina kasanu. Ndinadzipeza ndikukonda zinthu zimene ndinkadana nazo: fungo la utomoni wa nthochi umene suchoka pa malaya, ndi nsima yathu ya ufa wachilendo imene tinkaphika Lachisanu madzulo, yoterera ngati phala la mwana.

Mwini munda, mkulu wa imvi wosakonda kuseka, anandifunsa tsiku lina kuti kwathu mvula imagwa yochuluka bwanji. Ndinamuuza kuti pa Chitedze, pafupi ndi kwathu, chaka chabwino imapitirira mamilimita 800. Anaima nkundiyang'ana. Kwaoko imagwa pafupifupi theka la imeneyo, ndipo chilimwe chonse kulibe ndi dontho lomwe.

"Madzi onsewo, ndiye mukugona ndi njala?"

Zinandiwawa. Ndinafuna kumuuza kuti mvula yathu imagwa miyezi inai nkupita, kuti amai amathirira dimba ndi ndowa kuchokera pa chitsime cha m'dambo, kuti paipi yodontheza imene kwao anayamba kuipanga mu 1965 kwathu mtengo wake ndi wa mbuzi zingapo. Chizungu chinandithera. Ndinangoti, "Inde bwana."

Ndikanakonda kukuuzani kuti funso limeneli ndilo linandibweza, kuti ndinabwera kudzatukula dziko. Lingakhale bodza. Chinandibweza choyamba ndi mantha: sindine munthu woti ndingakhale zaka ndikutembenuka ndikaona galimoto ya polisi. Chachiwiri ndi amai. Iwo foni saikonda, koma sabata imeneyo anaimba okha.

"Bambo, ndalama sindikana ai. Koma ndikamva pa wailesi akutchula dziko limenelo, nsima imandikanika. Zimene anena achimwenezo ndi zao. Mimba inali yanga."

Kutatsala masiku anai, ndinadzuka nkupeza bedi la mnzanga uja lili mbee. Anasiya ovolosi, nsapato za kumunda ndi mthiko umene anachoka nao ku Nsaru. Foni inali yozima. Atatifunsa akuluakulu, tonse tinati tinali mtulo, ndipo pa ine zinali zoona.

Mthikowo ndinautenga. Ndinatenganso mapaipi otha ntchito amene mwini munda anandilola kutola pa dzala, nkuwapinda bwinobwino mpaka kusiya jekete kuti chikwama chisapitirire sikelo. Tinadzera ku Addis Ababa, nkutera ku Lumbadzi masana, fumbi la mu Ogasiti lili kobo.

Atsibweni anabwera madzulo ake. Anandipatsa moni wa manja awiri monga mwa mwambo, nakhala pa mpando kudikira kuti chikwama chitsekulidwe.

"Mapaipi?" anatero. "Mapaipi obooka?"

Lero mapaipi obookawo akudontheza pa mizere 12 ya tomato m'dimba la amai, madzi akuchokera mu dilamu limene ndinakweza pa nsanamira. Mbali ina ya nyumba ija ikadali ya udzu. Mnzanga amaimba mwa apo ndi apo, usiku, molankhula motsitsa, ndipo ku Nsaru nyumba yake yafika pa mawindo. Atsibweni anakaiona ndi maso ao, ndipo anandifotokozera chipinda ndi chipinda, atakhala pa mzere wanga akusankha tomato wakupsa woti akapatse akazi ao.