Kope la kwaya lisamatayidwe likajambulidwa

Ntchito yanga ndi yosoka ndi kumata mabuku, ndipo mwa onse obwera patebulo langa kuchokera ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, amene ndimawagwira mosamala kwambiri ndi makope a makwaya olembedwa pamanja. Kalembedwe kake, ka d, r, m, f, s, l, t, kamene timati solofa, nkakale kuposa mapepalawo. Kanayamba ndi Sarah Glover ku England, John Curwen nkukakonza ndi kukafalitsa kuyambira m'ma 1840, ndipo kuno kanalowa ndi sukulu za mishoni, m'masiku amene mpingo wa Dutch Reformed unkakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Mapepala a zaka zimenezo ngosowa. Chimene midzi yathu ili nacho ndi makope wamba asukulu, momwe mphunzitsi wa kwaya anakoperamo za amene anamuphunzitsa, nayenso atakopera kwa wina. Nchifukwa chake ndimalimbikira kuti kope lenilenilo lisungidwe.

Ena amati buku losindikizidwa lilipo, nanga chigamba chothaitha nchachiyani? Buku la Nyimbo za Mulungu limene mkhristu amanyamula popita kutchalitchi limamupatsa mawu. Kope limasonyeza mmene mpingo wakutiwakuti unkayimbira: pamene besi inatsitsidwa chifukwa amuna sankafikapo, pamene mzere unafufutidwa nkulembedwanso kuti ugwirizane ndi katchulidwe ka Chichewa, pamene analemba ndi pensulo kuti apa pumani. Ena amati tijambule pafoni basi. Jambulani ndithu, inenso ndimatero ndisanamasule ulusi, koma foni imatayika, imagulitsidwa chakudya chikavuta, ndipo chithunzi chothimbirira chimameza timadontho. M'solofa kadontho kamodzi ndiye theka la kugunda, kamzere ndiye kukoka mawu, ndipo kachizindikiro kakang'ono pambali pa chilembo ndiko kamanena ngati liwu likwere kapena litsike. Kakasowa, nyimbo yasintha.

Mawu amene ndimawalemekeza ndi a iwo amene amati Achewa timayimba za pamtima, pepala nlachilendo. Nzoona, amayi a Chigwirizano safuna kope kuti ayimbe pamaliro. Koma mtima umasunga bwino liwu lotsogola. Alito ndi tena ndiwo amayamba kusochera mphunzitsi akamwalira kapena akasamukira mumzinda, ndipo pakapita zaka aliyense amangotsata sopulano. Pamenepo chotsala chowabwezera m'njira ndi kope.

Chowononga makopewa nthawi zambiri si chiswe chokha, komanso chifundo cha eni ake. Selotepu imasanduka yachikasu, nkumatuka ndi inki yomwe. Mapini apakati amachita dzimbiri nkudya msana wa kope, choncho ndimawachotsa, nkusoka ndi singano ndi ulusi wathonje. Pong'ambika ndimamata ndi kapepala kopyapyala ndi phala lopepuka la ufa watirigu, chifukwa limachoka ndi madzi wina akadzafuna kukonzanso. Ngodya yakumtunda, pamene amalemba kiyi ya nyimbo, ndiyo imayamba kuthothoka ndi zala, ndiye ndimayambira pomwepo. Kukutira tsamba ndi pulasitiki yamoto ndimakana, pakuti sikubwezeka, ndipo jumbo m'nyengo yadzinja imatsekera chinyezi nkubala chuku. Kope likhale m'katoni youma, pamwamba, kutali ndi khoma ndiponso utsi wakukhitchini, ndipo poyeserera kwaya igwiritse ntchito lokopera.