Okutobala wa ku Athens

Nditayamba kupita ku Athens m'zaka za m'ma 1990, Okutobala unali mwezi wa eni mzinda. Alendo ankadzaza mu Julayi ndi Ogasiti, kenako n'kubalalika. Pamene kwathu dzuwa likuswa mtengo, kumeneko kamphepo kozizira kankakhala katayamba, ogulitsa mtedza wa chestnut atatulutsa mbaula zawo m'mbali mwa misewu. Pa Acropolis unkangogula tikiti pachipata n'kukwera, osapanikizana ndi aliyense.

Sindinganame kuti kale zonse zinali bwino. Utsi wa magalimoto unkadya miyala, moti mu 1979 ziboliboli za atsikana zochirikiza khonde la kachisi wa Erechtheion anazilowetsa m'nyumba, panja n'kuikapo zongofanizira. Msewu wa Dionysiou Areopagitou unali wa mabasi. Anausandutsa wa oyenda pansi pokonzekera masewero a Olimpiki a 2004. Nyumba yatsopano yosungiramo zakale za pa Acropolis inatsegulidwa mu 2009. Mzinda unakongola, anthu anachuluka, kutentha nakonso kunanyanya. Mu Julayi 2023 ankachita kutseka Acropolis masana poopa kuti anthu angakomoke, ndipo kuyambira Seputembala chaka chomwecho salola alendo oposa 20,000 patsiku, aliyense ndi ola lake. Ochenjera tsopano amadikira Okutobala. Vuto n'lakuti tonse tinachenjera.

Ine malo anga anali kaphiri koyang'anizana ndi Acropolis, kotchedwa phiri la a Muse. Agiriki akale ankati luso la ndakatulo, nyimbo, magule ndi mbiri limachokera kwa alongo 9 amenewa, ana a Zeus ndi Mnemosyne, mulungu wamkazi wa chikumbumtima cha zakale. Mlakatuli Hesiod amasimba kuti anakumana nawo akuweta nkhosa m'munsi mwa phiri la Helicon. Chimene chimandiseketsa n'chakuti asanamupatse ndodo ndi mawu oimbira, anayamba amunyoza kaye kuti abusa amangoganiza za mimba. Sanawafunefune; anamupeza okha ali pantchito yake kutchire, ndipo ineyo ndinkakwera kaphiri kaja ndi kope m'thumba ndikuyembekezera mwayi wotere, ndi chitonzo chomwe.

Kumeneko mpaka lero kulibe tikiti kapena chipata, ndipo chipilala chakale cha Philopappos chikadali pamwamba. Koma ulendo wapitawu ndinapeza madzulo anthu ali m'mizere yawoyawo, mafoni m'mwamba, kudikira kuti ajambule kachisi wa Parthenon. Mayi wina wachikulire anandipatsa foni yake kuti ndimujambule, ndipo ataona chithunzicho anandiuza kuti ndibwereze, ndamudula mapazi.